Umboni Wopanda Dzenje

9 Febuluwale

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achimwene, alamu ndi ana. Bondo lija likuti bwanji? Mafuta amene ndinatumiza aja mukupakadi, kapena mwapatsanso munthu wina amene mwamuona kuti akuvutika kuposa inu? Ine kuno ndili bwino. Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumangoti "eya, eya" ngakhale simunamve, ndipo nkhani iyi si yokuwa.

Ntchito ndi yomwe ija. Mabotolo a madzi amabwera m'mawa, ndimayeza madziwo, ndimalemba zimene ndapeza, mawa lake amabwera ena. Koma pali kanthu kamene kachitika, ndipo ndakhala ndikukayika ngati n'koyenera kukatchula.

Kuntchito kwathu kumakhala mapemphero a masana. Amatsogolera ndi mayi wa ku akaunti, munthu wabwino ndithu, koma akayamba kupemphera mabotolo amanjenjemera pa shelefu. Ine ndinayamba kuzemba. Ndikuuzeni zoona, ndinkathawa mapemphero. Kumapeto kwa nyumba yathu ya ntchito kuli kachipinda kosungiramo mabotolo opanda kanthu ndi makina owonongeka. Kalibe zenera. Muli firiji yakale imene imang'ung'udza tsiku lonse, ndi kreti imene ndimaitembenuza n'kukhalapo. Buledi wanga ndinkadyera mmenemo.

Tsiku lina nditamaliza kudya sindinanyamuke. Ndinangokhala. Kenaka ndinadzimva ndikunena mokweza kuti, "Ndabwera." Munalibe munthu. Ndinachita manyazi ngati mmene umachitira ukapatsa moni mlendo pomuyesa m'bale wako. Koma mawuwo sindinawamve ngati agwera pansi.

Kuyambira pamenepo ndimapitako masana aliwonse. Sindinena zambiri. Nthawi zina ndimamuuza Mulungu zimene zandipweteka, nthawi zina ndimangokhala chete, iyenso chete. Sindinaone kuwala, sindinamve mawu. Munthu wa ntchito yanga savomereza chinthu asanachiyeze kawiri, ndiye mwina ndi kutopa chabe, mwina ndi phokoso la firiji. Koma Amayi, mapemphero onse amene ndapemphera chibadwire anali anu. Ndinkawavala ngati malaya obwereka. Pemphero ili ndi laling'ono, losasokedwa bwino, koma ndi langa.

Ndakuuzani chifukwa ndikudziwa kuti mwakhala mukundidera nkhawa. Chonde zikhale za awirife. Zikadali zanthete.

Ndine,
Mzime wanu


21 Febuluwale

Mwana wanga Mzime,

Moni kuchokera kwa tonse. Bondo lilipo, silinapite kulikonse. Mafuta ndikupaka, ngakhale theka ndinagawirako agogo a kuseri kuja. Iwe ukudya? Buledi si chakudya.

Kalata yako anandipatsa msuweni wako wa basi uja, ikununkha dizilo. Ndinaiwerenga chiimire, ndinakhala pansi, ndinaiwerenganso, kenaka ndinakuwa mpaka mlamu wako anabwera ndi madzi poganiza kuti ndakomoka.

Unati zikhale za awirife, ndipo ndasunga. Ndangouza amayi a gulu lathu la mapemphero basi. Iwowa akhala akukupempherera kuti "mwana wotayika wa mayi athuwa" kuyambira chaka chimene unapita ku yunivesite, ndipo sabata iliyonse ine ndimayankha ameni mutu uli pansi. Kuwasiya azipemphererabe munthu wopezeka kale n'kuwononga mapemphero amene akanathandiza ana a anthu ena. Abusa ndinawauza chifukwa akanamva kwa amayi akanadandaula. Mchimwene wako sindinamuuze ine, anawerenga yekha, kalata inali pa tebulo.

Onse anakondwa kupatula amayi a mapasa. Ukuwakumbukira, amene amakhala kutsogolo aja, a chipewa chachikulu. Anafunsa kuti, "Wapezeka kuti?" Ndinati m'chipinda cha mabotolo. Akuti, "Mabotolo a chiyani?" Ndinati a madzi. Akuti, "Oho." Oho ameneyo ndinagona naye. Mwana wawo wamwamuna wachitira umboni katatu, ndiye amadziona ngati Mulungu amadyera kwawo.

Tsopano tamvera. Abusa akuti ubwere udzachitire umboni Lamulungu lomaliza la Meyi. Ndawavomera kale. Mchimwene wako ndi mlembi wa komiti ya maumboni, akulembera yekha za dongosolo.

Koma mwana wanga, pa kreti? Matchalitchi atha mumzindamo? Ndiponso "Ndabwera" basi? Kodi ndinakuphunzitsa choncho? Kwa bwana wako weniweni sungalowe n'kungoti ndabwera, nanji kwa Mwini kumwamba. Umayamba ndi maudindo ake onse, kenaka kuthokoza, kenaka kupepesa, ndiye n'kunena chimene wadzera. Koma palibe kanthu, tidzakonza ukabwera.

Undiuze ngati wanenepa kapena waonda, ndidziwe za diresi.

Amayi ako


4 Malichi

Aprofesa,

Moni mlongo wanga. Ife tili bwino, ana akukula, shopu yosindikiza ikuyenda. Mwezi uno makadi a ukwati achepa koma mapulogalamu a maliro akutithandiza, Mulungu ndi wabwino.

Ndikulemba ngati mchimwene wako komanso ngati mlembi wa komiti ya maumboni. Pamene uone kuti ndakalipa, ameneyo ndi mlembi.

Umboni kwathu kuno uli ndi magawo atatu: dzenje, chingwe, ndi kumtunda. Dzenje ndi mmene unaliri usanapulumuke. Chingwe ndi tsiku limene Mulungu anakuvuula. Kumtunda ndi zabwino zimene waona kuyambira pamenepo. Woimba kiyibodi wathu amadziwa kale: padzenje amaliza pansipansi mwachisoni, pachingwe amathamangitsa, kumtunda amatsegula zonse, anthu n'kuimirira. Ukasokoneza magawo, wasokoneza mnyamata wa eni.

Komiti yaona nkhani yako. Chingwe chako n'chowonda koma chikhoza kukonzeka, mwachitsanzo firiji ija itazima yokha pamene unalankhula. Kumtunda tidzati akukuganizira zokukweza pantchito, bwana aliyense amaganizira wina wake. Vuto ndi dzenje. Ulibe.

Ndinakhala pansi ndi mlamu wako kukumbukira moyo wako wonse, ndipo pepa, ndiwe munthu wotopetsa. Sunathawepo kusukulu. Sunabwerepo kunyumba mochedwa. Mlamu wako anakumbukira kuti unaswapo mbale, koma iwe yemwe ndiwe unakadzinenera. Anthu sangasiye ntchito zawo kudzamvera zimenezo.

Taona mnzako, mwana wa amayi a mapasa. Chaka choyamba anapulumuka ku mowa. Chaka chachiwiri anakumbukira kuti ankabanso magalimoto. Chaka chatha zinadziwika kuti anafapo pang'ono. Ameneyo akaima kutsogolo, mipando imachepa.

Ndiye sankha pakati pa izi: mowa, amuna, kagulu ka zamdima ka ku yunivesite, kapena kunyoza Mulungu chifukwa cha mabuku. Ukhoza kuphatikiza ziwiri. Usati ndikukunamitsa ayi. Tonse ndife ochimwa, ndipo tchimo limene sunachite ukanatha kulichita ukanapeza mpata. Ife tikungolipatsa dzina kuti a kumbuyo amve. Ulemerero wa Mulungu umaoneka ndi kuzama kwa dzenje. Ukamukumbira kadzenje kofika m'kakolo, wamuchepetsa.

Unditumizirenso chithunzi chimene ukuoneka wotopa, cha positala. Ndisindikiza ulere, ndiwe m'bale wanga.

Yankha msanga.

Mchimwene wako,
Mlembi


12 Malichi

Achimwene,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Zikomo pondiganizira, ndikudziwa kuti mukuchita zonsezi mondifunira zabwino. Ndikulemba m'malo moimba foni chifukwa pafoni mumandiposa mawu, ndimapezeka ndavomera ndisanamalize moni.

Sindingabwere kudzachitira umboni. Ndawerenga kalata yanu kangapo, ndipo pena ndinayamba kuganiza kuti mwina inu ndinu olondola. Mwina chimene ndili nachochi n'chochepadi, moti sichingatchedwe chikhulupiriro. Mwinanso kukana kwangaku ndi kunyada kovala manyazi. Sindikudziwa.

Koma zinayi zimene mwandipatsazo palibe changa. Machimo ndili nawo, musade nkhawa. Ndimapsa mtima chamumtima n'kumamwetulira. Mnzanga akayamikiridwa kuntchito, ndimaombera m'manja mochedwa. Ndimaweruza anthu amene amapemphera mokuwa, kuphatikizapo a m'banja langa. Amenewa ndi machimo enieni, amandilemera, koma ndikuona kuti woimba kiyibodi sangawapezere nyimbo.

Ku yunivesite sindinanyoze Mulungu. Ndinangosiya kulankhula naye, ngati mmene umasiyira kulembera m'bale wakutali popanda kukangana. Chimene chikuchitika tsopano n'chakuti tayambanso kupatsana moni. Basi. Tangoganizani munthu amene wayamba kumene kucheza ndi mnzake, ndiye abale ake alembe kale makadi a ukwati.

Firiji sinazime. Ikulirabe.

Chonde awuzeni Abusa mwaulemu kuti tsikulo alipereke kwa wina. Amayi ndiwalembera ndekha ndikapeza mawu. Chithunzi sindinatumize dala.

Mlongo wanu


2 Epulo

Mwana wanga Mzime,

Moni. Tonse tili bwino. Iwe uli chete, koma ndimakudziwa, kuyambira uli mwana ukavomera chinthu umangokhala duu. Ndiye chete wakoyu tamutenga ngati eya.

Popeza sunasankhe, takusankhira. Usaope, ndinakumenyera nkhondo. Mchimwene wako ankafuna amuna. Ndinati, "Amuna ayi. Mwanayu sanakwatiwe, anthu adzaiwala Yesu n'kukumbukira amunawo." Akuti, "Nanga mowa?" Ndinati, "M'nyumba muno simunatulukepo mkazi womwa." Akuti, "Amayi, mukundimanga manja, ndigwira bwanji ntchito ya Mulungu?" Tinakangana mpaka tiyi anazizira. Pomaliza tagwirizana chonchi: unkanyoza Mulungu chifukwa cha mabuku, ndiponso unkasuta fodya, koma pang'ono, nthawi ya mayeso yokha.

Mapositala atuluka. Alemba kuti KUCHOKA MU MDIMA WA YUNIVESITE. Chithunzi mchimwene wako watenga cha pamaliro a azakhali ako chija, ukuonekadi ngati munthu wovutika. Wamata pageti la tchalitchi, pa siteji ya basi, ndi pakhomo la shopu yake. Anthu akumaima kuwerenga.

Amayi a mapasa anabwera kudzandiona. Akuti, "Za fodyazo ine ndinkadziwa kale, milomo yake ija inkada." Mwana wanga, ndinatsala pang'ono kuwauza kuti ndi zabodza. Ndinadziluma lilime. Taona zimene ndikupirira chifukwa cha iwe.

Koma zinthu zasintha. Amayi a gulu akumandisungira mpando kutsogolo. Sabata yatha anandipempha ine kuti nditseke ndi pemphero, ndipo ndinatchula ana otayika a anthu ena mmodzimmodzi, ameni akuchokera kwa eni ake. Bondo likupweteka koma ndikuyenda ngati mtsikana. Nsalu ndagula, telala wayamba kale, yako ndi yanga zofanana.

Sindinakupemphepo chinthu chachikulu. Zaka zonsezi ndakhala mayi wa mwana wotayika. Undilole tsiku limodzi lokha ndikhale mayi wa mwana wopezeka, anthu akuona.

Uziyeserera kulira. Iwe misozi yako imavuta.

Amayi ako


19 Epulo

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Bondo musalikakamize, mpando wa kutsogolo sukuthawa.

Sindinali chete ayi. Ndinawalembera achimwene kukana, koma msuweni wandiuza dzana kuti kalatayo waipeza pansi pa mpando wa basi, yapondedwa. Akuti waiperekabe. Achimwene ayankha pafoni kuti mapositala sabwerera m'makina.

Positala yanu inafika kuno isanafike kalata yanu. Wachibale wina wa mayi wa ku akaunti anaijambula pa siteji ya basi n'kuwatumizira pafoni. Lolemba m'mawa mayiyo anandikumbatira pakhomo, n'kundinunkhiza pang'ono m'khosi. Akuti, "Mlongo, zaka zonsezi tikugwira ntchito limodzi, osandiuza kuti unali mu mdima? Ndiye chipinda cha mabotolo chija chili ndi kudzoza, iwe n'kumadya wekha?"

Amayi, mapemphero a masana asamukira m'kachipinda kanga. Amadzazamo mpaka chitseko sichitsekeka. Kreti ija aiphimba ndi nsalu yoyera, palibe amaloledwa kukhalapo, ngakhale ine ndemwe. Firiji amaisanjika manja. Mabotolo opanda kanthu ayamba kusowa, anthu akutengera kunyumba, ndipo bwana akufunsa ine chifukwa ndine ndimasunga kiyi. Dzulo mlonda anandipempha kuti ndimupempherere asiye fodya, poti ine njira ndikuidziwa.

Ndikanakonda kunena kuti iwowa ndiwo andilanda pemphero langa, koma linali litayamba kale kuchoka. Kuyambira pamene munanena za umboni, ndikakhala pa kreti ndinkapezeka ndikukonza mawu a kutsogolo kwa anthu. Ndikati "Ndabwera," ndinkadzimvetsera ngati zikumveka bwino. Ndinkadziyang'ana ndikupemphera. Munali anthu awiri m'chipindamo, koma onse anali ine.

Mwina n'chimene chimachitika ndi zinthu zosakhwima. Mwina sichinali kanthu chiyambire. Sindikukuimbani mlandu, kalata yoyamba ndinalemba ndine.

Mawu anu aja, akuti tsiku limodzi lokha, andikhala pamtima. Ndibwera. Diresi ndivala. Koma ndikaima kutsogolo ndidzanena zimene zinachitika, chifukwa china chilichonse ndikanena, sindikuona mmene ndingadzabwererenso kwa Iye n'kuti ndabwera. Ndikukuuziranitu kuti musadzadzidzimuke.

Mzime wanu


2 Juni

Aprofesa,

Moni sindipereka wambiri. Popeza unathawa ndi basi ya masana ndisanakupeze, ndikuuze pa pepala zimene wachita, uzione mmene tinazionera ife.

Amayi anandionetsa kalata yako yonena kuti udzanena zimene zinachitika. Ndinati ndi mantha chabe, aliyense amatero, maikolofoni ikafika m'manja dzenje limabwera lokha. Ndinalakwa kukuyesa munthu.

Tchalitchi chinadzaza mpaka tinabwereka mipando kusukulu. Abusa anakuitana ndi mawu amphamvu. Woimba kiyibodi analowa m'dzenje bwinobwino. Iwe n'kuima pamenepo, diresi yokongola, n'kunena kuti, "Ine ndinkathawa mapemphero a kuntchito." Anthu anati eee, poganiza kuti tikutsika. Ndiye iwe: "Ndinakabisala m'chipinda cha mabotolo. Tsiku lina ndinamuuza Mulungu kuti ndabwera. Ndikuganiza kuti anamva, koma sindingalumbire."

Sindingalumbire! Pa umboni!

Bambo wina kumbuyo anakuthandiza, anakuwa kuti, "Nanga fodya, mlongo?" Unangofunika kugwedeza mutu. Iwe: "Fodya sindinasutepo. Pepani amene mwabwerera fodya." Mnyamata wa kiyibodi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana denga. Mwana wa eni anazungulira m'dzenje osadziwa potulukira, chingwe osachiona.

Abusa anayesa kukupulumutsa. Anati, "Tiuzeni, mlongo, Ambuye akuchitirani zotani kuyambira tsikulo?" Iwe: "Abusa, masiku ano ndikuvutika kupemphera. Mwina tingokhala chete pang'ono, ndi zokhazo zimene ndimadziwa." N'kuuza mnyamata uja kuti asiye kuimba.

Mlongo wanga, tchalitchi chathu chimangidwire sichinakhalepo chete. Anthu sanadziwe poika manja. Tinamva mimba ya msungichuma. Tinamva mbuzi ya kutsidya kwa msewu. Mwana wina anafunsa mokweza kuti, "Amayi, magetsi azima?" Iwe uli maso otsinzina, ngati uli pa kreti yako. Ndiye amayi a mapasa anati "Ameni," ameni wautali uja, wokhota kumapeto, amene umamva kuti si wa Mulungu.

Mwamwayi mwana wawo analipo. Abusa anamuitana, ndipo pomwepo anakumbukira kuti anakhalapo m'ndende ya kunja. Kiyibodi inapeza njira, anthu anaimirira, tsiku linapulumuka.

Zotsatira ndi izi. Komiti yakhazikitsa lamulo lakuti umboni uzionedwa kaye usanafike kutsogolo. Ine andichotsa ulembi, akuti ndinabweretsa katundu wosayesa. Makasitomala akumandifunsa ngati zimene ndimalemba pa mapulogalamu a maliro zimakhala zoona.

Koma zanga zisiye. Amayi sanakweze mutu mpaka mapemphero kutha. Diresi aipinda aiika pansi pa sutikesi. Mpando wa kutsogolo wabwerera kwa eni ake. Mayi wokalamba anakupempha tsiku limodzi, iwe n'kumupatsa mbuzi ya kutsidya kwa msewu.

Maphunziro ndi abwino, koma ena amakuchotsa umunthu.

Mchimwene wako,
amene anali mlembi


10 Juni

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino m'thupi. Ndaimba foni kangapo, alamu akuti mwagona, ngakhale masana.

Pepani. Ndinachoka msanga chifukwa ndinaona nkhope yanu. Ndakhala ndikudzifunsa ngati fodya wa nthawi ya mayeso akanandipha. Mwina ndinasankha kukhala woyera m'maso mwanga, inu n'kulipira. Achimwene akuti ndilibe umunthu, ndipo sindinapeze poyambira kuwatsutsa.

Kuno mayi wa ku akaunti amva kuti ndinalibe mdima, akhumudwa, koma m'kachipinda sanatulukemo. Akuti kudzoza n'kwa chipinda, osati kwa ine. Mwina akunena zoona. Ine masana ndimakhala pa tebulo langa la ntchito, kudikira madzi a m'mabotolo kuti adikhe. Ndimayesa kunena mawu aja. Pena amatuluka, pena ayi. Sindikudziwa ngati pali amene akumva.

Ngati simukufuna kundilembera, ndimvetsa. Mungomuuza msuweni za bondo, adzandiuza.

Mzime wanu


28 Julaye

Mzime,

Moni. Bondo latupa. Mchimwene wako ali bwino, wayamba kufuna ulembi wa komiti ya zomangamanga. Iwe ukudya?

Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinakwiya, ndipo usaganize kuti zatheratu. Diresi ija inali ya nsalu yabwino. Amayi a gulu ayambiranso kukupempherera, tsopano akuti "mwana wosokonezeka wa mayi athuwa." Kutayika kunali bwino.

Koma pali nkhani, ndipo iyi ikhaledi ya awirife, osati ngati ija.

Tsiku lija, pamene unatikhazika chete, ine mutu uli pansi, ndinafuna kupemphera kuti nthaka ing'ambike. Ndinayamba ndi maudindo monga mwa nthawi zonse, koma sanabwere. Ndiye mumtima munangotuluka kuti, "Mwandichititsa manyazi." Osati iwe. Iye. Ndinamuuza Mwini kumwamba choncho, popanda moni, popanda kupepesa. Ndinadikira kuti chinachake chindigwere. Palibe chinagwa. Mbuzi yokha ija.

Mwana wanga, ndapemphera kuyambira ndili mtsikana. Ndikayamba ine, amayi a gulu amati mmm. Koma ndinazindikira pampando paja kuti nthawi zonse khutu limodzi limakhala kwa amayiwo, kumvera mmm. Mawu awiri aja palibe anawamva, ndipo ndi oyamba amene ndinanena osayang'ana kumbali.

Mlamu wako akamakuuza kuti ndagona, sindikhala nditagona. Ndimakhala m'chipinda chako chakale, mmene mchimwene wako amasungiramo mapepala. Mulibe mpando, ndiye ndimakhalira mulu wa mapositala ako otsala, ndi wofewa bwino. Ndimatseka chitseko n'kupitiriza mkangano. Ndamuuza zambiri, zina za bambo ako, zina zimene sindingalembe. Sayankha, koma sachokanso. Iwe unati sungalumbire. Inenso sindingalumbire, koma mawa ndipitanso.

Sabata yatha ku gulu anandipempha kutsegula ndi pemphero. Ndinaimirira, ndinati, "Tabwera," n'kukhala pansi. Amayi a mapasa apempha kuti inenso andiike pa anthu owapempherera.

Tsono tandithandiza, poti iwe unayamba kale. Ukakhala chete choncho, n'kubwera nkhope ya amayi a mapasa ndi chipewa chawo, umatani? Umaithamangitsa, kapena umamuonetsa Iye kuti nayi? Ndiponso kusinza kumaloledwa? Undiyankhe msanga, ndipo kalatayo umupatse msuweni wako m'manja, aike m'thumba la malaya iwe ukuona.

Zakuti sukudziwa ngati pali amene akumva, usasiye. Masana ukakhala pa tebulo lakolo, dziwa kuti inenso ndakhalira nkhope yako kuno. Akapanda kumva iwe amva ine, ine ndimakuwa ngakhale chamumtima.

Mchimwene wako asadziwe. Angandikumbire dzenje, ndipo ine pa msinkhu uno sindingayambe fodya.

Amayi ako